Amayi Anakana Ulendo pa Kanjedza

Dzulo makaniko wina ku Limbe anandisinthira chotsekera cha rediyeta ya galimoto. Fungo la madzi otentha adzimbiri lija linandibwezera ku maliro a amayi.

Ndinali wamng'ono. Bokosi tinalikweza m'chigalimoto chakale cha amalume, chija chosaopa matope, ulendo wa kwathu ku Nsanje. Titafika pa nkhalango ya Kanjedza, dzuwa lili pamutu, galimoto inaima n'kuyamba kupumira m'mwamba, ndendende mmene amayi ankapumira kuchipatala. Kutsogolo kunkatuluka nthunzi.

"Akukana kupita," anatero azakhali. Anagwada n'kugogoda bokosi pang'onopang'ono. "Alamu, mwanayu ndilera ine. Tiyeni."

Amalume anadikira kuti injini izizire. Anakulunga dzanja m'chisanza, anatsegula chotsekera, anathira madzi, n'kuchibwezera chomwecho. Ine ndinkangoyang'ana bokosi, kudikira kuti amayi ayankhe.

Lero ndikudziwa kuti labala wa chotsekera akatha, madzi amawira msanga. Ndinamufunsa makaniko uja ngati chotsekera chotha chonchi chingakafike ku Nsanje, m'kutentha konse kuja. Anati sizingatheke.

Ife tsiku lija sitinaimenso panjira.