Conceição ndi Chilembo Chamchira

Conceição anabwerera ku Mecanhelas mu 1994, mwana ali kumsana, atatenga luso limodzi lokha kuchokera ku Liwonde komwe anathawira nkhondo: kutayipa. Mphunzitsi wake ankaphimba manja a ophunzira ndi nsalu, choncho iye anazolowera kulemba maso ali papepala lomwe akukopera, osayang'ana zimene zikutuluka.

Patapita zaka zitatu analembedwa ntchito ku bungwe lina la alimi lomwe linalandira kompyuta yogwiritsidwa kale ntchito. Anzake ankaitcha komputadoro. Sikirini yake inali yakuda bii, zilembo zoyera, ndipo inkayaka m'mawa mokha jenereta ikalira. Ntchito ya Conceição inali kulemba maina a olandira mbewu.

Woyang'anira makinawo anali Osvaldo, bambo wa ku Cuamba wokonda mafuta onunkhira mopyoza mphuno. Iyeyu anawonjezera mzere umodzi m'fayilo yomwe kompyuta imayamba kuwerenga ikayatsidwa, ndipo kuyambira pamenepo sikirini inkatsegula ndi dzina lake lofiira, likuphethira.

"Taonani, mana Conceição," anatero tsiku lina atamuweramira, akumutchula kuti chemwali m'Chipwitikizi. "Kamuvi aka, kabulaketi ndi manambala, amenewa ndi malamulo. Ndikalemba 31 zilembo zimafiira. Ndingathe kufufuta sikirini yonse, ngakhale kusintha zomwe batani limalemba. Koma mukachotsa mzere uja, makinawa samva, amangolavula zonsezi ngati zinyalala."

Polankhulapo n'kuti dzanja lake litatsika kuchoka paphewa la Conceição kupita kumsana.

"Chotsani dzanjalo. Ndili pabanja, ndipo ndikanakhala ndekha yankho likanakhala lomweli."

Osvaldo anaseka n'kutuluka.

Sabata yotsatira Conceição anatayipa maina mazana atatu a alimi a ku Chiuta, anasindikiza, mapepala n'kupita panjinga. Lachinayi kunafika a Lourenço, bambo wachikulire, fumbi lili mpaka m'mawondo. Anayala pepala patebulo osapereka moni.

"Mwanawe, ndinakulakwira chiyani?"

Conceição anawerenga. Pakati pa dzina lawo, pomwe panayenera kukhala chilembo chamchira chija, ç, panalembedwa mawu akuti HULE. Dzina la mai wina wa kwa Gonçalves linalinso chimodzimodzi. M'munsi mwa tsamba lililonse, pomwe wolemba amaika dzina lake, munali Concei HULE ão. Mapepalawo anali atakhala pakhoma masiku awiri, ana a sukulu akuwerengera makolo awo mokweza.

Conceição anatembenukira ku kompyuta. Anadina batani la ç, mawu omwewo n'kutuluka. Anadinanso, anatulukanso. Anayang'ana zala zake ngati wagwira chowola.

A Sitefano, mkulu wa bungwelo, anaitana Osvaldo. Iye anafika akupukusa mutu mwachisoni, n'kunena kuti mwina ndi matenda a makompyuta, kapena mai ali ndi zomwe zikuwavuta mumtima, zala zangowaululira.

Conceição anakumbukira zinyalala zija. Masana, anzake onse atapita kukadya, anapempha kuti jenereta isazimitsidwe, anayatsa kompyuta ndi disiketi yomwe inalibe mzere wa Osvaldo, n'kutsegula fayilo ya dzina lophethira lija. Mitundu sinaoneke. Panangodzaza timivi, timabulaketi ndi manambala. Anatsata ndi chala mzere ndi mzere, ndipo chakumapeto, pambuyo pa dzina la Osvaldo, anawapeza mawu aja atakhala m'zizindikiro zogwira mawu. Munthu wamkulu ndithu, wandevu zake, anakhala pansi n'kuwerengera nambala ya chilembo cha m'dzina la mnzake kuti amutukwane.

Anawaonetsa a Sitefano. Iwo anayang'anitsitsa, kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Koma ameneyu mutu wake umagwira! Ndi nthabwala chabe, mai. Tikamuchotsa, makinawa atikonzera ndani?"

Kuseka kumeneko kunamunyansa kuposa mawu a papepala aja. Pamaso pawo pomwepo Conceição anatsegula fayilo yoyambira ija n'kufufuta mzere wonse. Kutacha Osvaldo atayatsa kompyuta, dzina lake linatuluka litakwiririka m'timivi ndi manambala, lopanda mtundu, koma ç anabwerera m'malo mwake. Osvaldo atafuna kubwezera mzerewo, Conceição anauza a Sitefano kuti ukabwerera, maina azitayipa okha. Sunabwerere.

Conceição anapukuta mabatani onse ndi kansalu ka sopo, anatayipanso maina aja akuyang'ana sikirini chilembo ndi chilembo, n'kupalasa yekha njinga mpaka ku Chiuta. A Lourenço anamulandira, anamupatsa usipa wouma kuti akadyere kunyumba. Mai a kwa Gonçalves anakana kutuluka m'nyumba.

Dzina lotukwana lija linamumatirira Conceição pamsika pafupifupi chaka. Mwamuna wake anamenyanapo ndi munthu chifukwa cha ilo. Osvaldo anakhalabe pa bungwepo zaka zina ziwiri, akugawana ofesi imodzi ndi Conceição, koma mayiyu sanamwerenso kapu yomwe iye wamwera.

Lero mai Conceição ali ndi kachipinda pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Entre Lagos, komwe amalembera anthu makalata m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja. Chaka chatha munthu wina wochokera ku Cuamba anawauza kuti Osvaldo akudwala ndipo akupereka moni. Iwo anangofunsa kasitomala amene anali patsogolo pawo kuti kalata yake ikupita kwa ndani.