Bogenivila wa Apongozi

Nditangokwatiwa, apongozi anga a ku Samanga adandipatsa nthambi ya bogenivila wawo wofiira. Kwawoko n'kotentha, pomwe kwathu kuno kufupi ndi Chirinda nkhungu siichoka. Ine ndinkangothirirabe mmawa ndi madzulo mpaka mizu idawola.

Nditamva kuti akubwera, ndidakwera kombi kukagula wina kutauni, ku Gaza, wopanda maluwa, osafunsa n'komwe mtundu wake. Sabata yomwe adafika, maluwa adatuluka a pepo.

"Muroora, wangatu adali wofiira," adatero apongozi, kundiitana monga amaitanira mkazi wa mwana wawo m'chinenero cha kwawo.

"Ndi kuzizira kwa kuno, amayi. Kumasintha mtundu."

Adandiyang'ana kanthawi, kenako n'kuthyola kanthambi. "Ndikabzala kwathu, kakafiirenso."

Mpaka lero sindinaulule. Ndikawaimbira foni, amayamba aseka kaye. "Sanafiiretu, mwananga. Tikudikirabe."