Tsiku Limene Achemwali Anadula Maloko

Achemwali anga anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ku ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo anachokako ndi kalata ya mizere inayi yonena kuti ndi munthu wosamva. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, ndimayendetsa lole. Zimene ndikunenazi si zongomva ayi, zambiri ndinazinyamula ndekha pa galimoto yanga.

Analowa ntchito ngati wosesa ndi wophika tiyi, mwamuna wawo atangowasiyira ana awiri n'kulowera kwina. Sukulu sanapite nayo patali, chifukwa bambo atamwalira iwo ndi amene analekeza kuti ine ndipitirize. Koma khutu anali nalo. Akamathira tiyi m'makapu a mabwana pamsonkhano, ankamvetsera zonse, ndipo patapita zaka zisanu ankadziwa midzi yakuchigwa kuposa anthu amene ankaijambula pa kompyuta. Wosunga katundu wa ofesiyo atapuma pa ntchito, panalibe amene ankafuna kukhala m'chinyumba chosungiramo katundu, chotentha chonunkha mankhwala a makoswe, choncho anawapatsa iwo. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kuwatchula kuti Mayi Makiyi, chifukwa ankamveka kulira kwa makiyi m'chiuno asanaoneke.

Dzinalo linali lonama pang'ono. Kiyi wawo weniweni anali mmodzi, wa chitseko chachikulu. Mkatimo munali zipinda zisanu ndi zinayi za waya, chilichonse cha bungwe lake, chilichonse ndi loko wake, ndipo makiyi ake anali m'matumba a eni mabungwewo. Achemwali sankavutika ndi mayina aataliatali a mabungwe. Ankangoti a mabulangete, a matenti, a ndowa, a ufa, a mankhwala a madzi. Ntchito yawo inali kusesa kutsogolo kwa mawayawo, kutchera makoswe, ndi kuyang'ana katundu amene sankaloledwa kumugwira.

Chimene chinkawapweteka kwambiri chinali boti. Bwato lenilenilo linali la bungwe lina, injini yake ya bungwe linanso, mafuta a lachitatu. Mabungwe atatuwo analigula mogwirizana, n'kujambulitsa zithunzi atagwirana manja, kenako aliyense anatenga chake n'kutsekera kwake. Bwatolo linakhala chafufumimba pa matayala akale kuseri kwa chinyumbacho mpaka nkhuku za alonda zinayamba kuikira pansi pake.

Chaka chilichonse mvula isanayambe, mabungwe onsewa ankakumana masiku atatu ku hotela kuti agwirizane za kukonzekera. Wotsogolera anali bwana wa achemwali, munthu waulemu wake, wa nsapato zowala, amene antchito ankamutchula kuti Bwana Kalata, chifukwa ngakhale umuuze kuti jekete lake likupsa, ankayamba wafunsa ngati wabwera ndi kalata. Pakhoma ankapachika nsalu yolembedwa kuti mutu umodzi susenza denga. Achemwali ankati mitu inalipo yambiri ndithu, koma uliwonse unkasenza kadenga kakekake.

Chaka china anawapatsa mphindi zochepa zoti anene za katundu amene analipo. Iwo atanena, anawonjezera zawo.

"Mabwana, anthu amene amavutika kwambiri ali kutsidya kwa mtsinje. Mlatho ndi umodzi, ndipo madzi akadzaza umamira. Bwanji katundu wina tikamusiyiretu kusukulu ya paphiri ija mvula isanayambe? Aphunzitsi aakulu ndalankhula nawo, chipinda chilipo."

Anthu anawomba m'manja. Wina anati maganizo amenewa ndi ofunika kwambiri, ndipo anawalemba pa kapepala kachikasu n'kumata pakhoma. Chaka chotsatira ananenanso zomwezo, kapepala kanali kobiriwira. Chaka chachitatu anawauza kuti nthawi yachepa, angopereka lipoti lolemba.

Mtsinje wathu umachokera kudziko loyandikana nalo, ndipo madzi safuna pasipoti. Kumtunda kwake, kuseri kwa malire, kuli mkulu wina amene ntchito yake ndi kuwerenga mizere ya pachipilala choyezera madzi. Anakumana ndi achemwali pamsonkhano wina wa mayiko atatu, onse awiri ali panja kudikira kuti mabwana amalize kudya, ndipo anapatsana manambala a foni. Mwalamulo, mkuluyo akaona madzi akukwera amauza ofesi yake, ofesi yake ilembera likulu lawo, likulu lawo lilembera likulu lathu, likulu lathu lilembera Bwana Kalata. Madzi amatenga masiku awiri kufika kwathu. Kalata imatenga asanu.

Lachiwiri lina mmawa, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, foni ya achemwali inalira. Anali mkulu uja.

"Mayi, kuno mvula yagwa masiku anayi osakata. Chipilala chonse chamira, ndikuyeza pa tsinde la mtengo. Chiyambire ntchito sindinaonepo zotere. Lachinayi madzi ali kwanu."

Achemwali anathamangira kwa bwana ndi foni m'manja. Bwana Kalata anamvetsera bwinobwino, n'kusuzumira pawindo kuyang'ana dzuwa.

"Mayi, munthu ameneyu si wa m'dziko lathu, ndipo sanatilembere. Ndikasokoneza mabungwe asanu ndi anayi chifukwa cha foni, madzi osabwera, adzanditenga ngati ndani? Tidikire uthenga wovomerezeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Bwana, nkhonoyo ikhala itamira," anatero achemwali.

Bwanayo anaseka, n'kuwalola kuti aimbire okha mabungwewo ngati akufuna. Anakhala pa foni mpaka masana, ndipo mayankho ake ndimawadziwa pamtima chifukwa anandiuza kangapo. A matenti anati wosunga kiyi wapita kumaphunziro a za kukonzekera ngozi, abwera Lolemba. A mabulangete anati sangatulutse kanthu wojambula zithunzi asanafike, chifukwa amene anawapatsa mabulangetewo amafuna kuona nkhope za olandira. A ufa anati malamulo awo amalola kupereka chakudya ngozi ikachitika, osati isanachitike. A injini anati alibe vuto malinga a bwato avomere. A bwato anati alibe vuto malinga a mafuta avomere. A mafuta foni yawo inangolira.

Lachitatu mmawa anabwera kwathu ndikumwa tiyi. Sanakhale pansi.

"Iwe, lole ili bwino?"

"Ili bwino, achemwali. Kwagwanji?"

"Tenga chodulira zitsulo chako chija, unditsatire."

Mkazi wanga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kapu. Ndinati, "Achemwali, ntchito ikuthani. Ana aja sukulu muwalipirira ndi chiyani?"

"Ndakufunsa za lole, sindinakufunse nzeru."

Anadula okha maloko asanu, ndi manja awo, ndipo anandiletsa kugwira chodulira chija kuti mlandu usadzandikhudze. Loko aliyense wodulidwa anamuika m'thumba la pepala n'kulembapo dzina la mwini wake, tsiku ndi nthawi. Chipinda cha injini chokha chinawakanika, chifukwa eni ake anaika chitseko chachitsulo chowotcherera. Anachimenya ndi nyundo mpaka chala chinatupa, kenako anachisiya. Alonda awiri anayang'anana, mmodzi n'kuvula chipewa chake, n'kuyamba kunyamula matumba.

Tinapita maulendo anayi tsiku limenelo. Paulendo woyamba mtsinje unali wa masiku onse, amayi akuchapa pamiyala. Achemwali anatsika n'kuwauza kuti mawa asayandikire. Kusukulu ya paphiri, aphunzitsi aakulu, mayi wamfupi wa mawu ngati belu, anatulutsa mabenchi m'makalasi awiri n'kutumiza anthu a njinga kumidzi yonse yakumunsi kuti anthu akwere. Ambiri anakwera. Ena anatukwana, amvekere, "Dzuwa lonseli madzi achokera kuti?" Paulendo wachinayi madzi anali atasanduka ofiira, akunyamula zitsa ndi mbuzi yakufa.

Lachinayi cha m'ma 11 koloko mmawa mlatho unamira. Kutsidya kunadulidwa masiku asanu ndi atatu. Kalata yovomerezeka inafika Loweruka, ya chidindo chokongola, yochenjeza kuti madzi akhoza kusefukira.

Apa ndiye mabungwe anadzuka. Magalimoto oyera anadzaza tauni, mbendera zili petupetu. Koma poti kutsidya kunali kosafikika, onse asanu ndi anayi anathamangira msasa umodzi wa othawa madzi umene unali m'mbali mwa msewu wa tala, pomwe galimoto imaima osadetsa matayala. Ine ndinaona ndi maso angawa mayi wina ali ndi ndowa zisanu ndi ziwiri, zamitundumitundu, iliyonse ndi chizindikiro cha bungwe lake, koma mwana wake akugona pasimenti popanda chofunda. Anandifunsa ngati ndikudziwa munthu amene angasinthane naye ndowa zitatu ndi bulangete limodzi. Anyamata a mabungwe awiri anatsala pang'ono kumenyana polimbirana mtengo wopachikapo nsalu zawo.

Kusukulu ya paphiri kunali anthu oposa chikwi, ndipo palibe amene anagona pamvula kapena kumwa madzi oipa. Koma kumunsi kwenikweni kuli mudzi wina umene umasanduka chilumba madzi akadzaza. A njinga sanafikeko nthawi yabwino. Anthu anakwera pamadenga ndi m'mitengo, akuimba foni mpaka mabatire kutha. Boti linalowa m'madzi patatha masiku atatu mlatho utamira, mabwana atatu atakumana n'kusayina pepala limodzi. Linapeza anthu asanu ndi mmodzi atapita kale, awiri mwa iwo ana a bere limodzi amene mayi wawo anawamangirira kunthambi ndi nsalu, nthambiyo n'kuthyoka.

Achemwali atamva sanalire pamaso pa anthu. Anapita kuseri kwa chinyumba chija n'kukhala pa matayala pomwe pankakhala bwato. Ndinawapeza akuyang'ana chala chawo chotupa.

"Ndikanabwera ndi wowotcherera zitsulo," anatero. "Ali pamsika pomwepa. Bwanji sindinaganize?"

Ndiye taonani, munthu yekhayo amene anachitapo kanthu ndi amene ankadziimba mlandu.

Patatha mwezi anawaitana kuti akayankhe. Ine ndinaloledwa kukhala kumbuyo ngati mboni. Patebulo anayala maloko asanu aja, m'timatumba tomwe achemwali analemba okha. Mkulu wa mabulangete anati mabulangete awo anaperekedwa popanda chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo izi zawachititsa manyazi kwa owathandiza. Wa matenti anati matenti awo anasakanikirana ndi a bungwe lina moti sizikudziwika kuti anathandiza ndani. Aphunzitsi aakulu aja anabwera okha osaitanidwa, atanyamula kope la mayina a mabanja onse amene analandira, koma anauzidwa kuti nkhani yawo si imene ili pamndandanda.

Bwana Kalata analankhula mofatsa, ngati akupepesa maliro. "Mayi, palibe amene akukana kuti mtima wanu unali wabwino. Koma aliyense akamadula loko chifukwa mtima wamuuza, mgwirizano wa mabungwe utha. Mukuvomera kuti munalakwitsa?"

"Ndikuvomera, bwana," anatero achemwali. "Ndinadula asanu. Ndinayenera kudula onse."

Ine ndinaimirira kuti ndinene za ana awiri omira aja, koma mlonda anandigwira paphewa n'kunditulutsa. Kalata ya mizere inayi inabwera sabata yotsatira.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi lipoti la chaka chimenecho. Mwana wamkulu wa achemwali, amene tsopano ndi namwino, analipeza n'kutiwerengera. Ndi buku lokongola, la mapepala osalala. Pa tsamba lina analemba kuti chifukwa cha mgwirizano wolimba wa mabungwe asanu ndi anayi, katundu anatumizidwa kutsidya tsiku limodzi madzi asanafike, ndipo anthu oposa chikwi anapulumuka. Pali chithunzi cha Bwana Kalata atavala nsapato za mphira, akuloza mtsinje. Pakona pa chithunzi china pakuoneka tayala la lole yanga. Chaka chotsatira bwanayo anakwezedwa, ndipo ndamva kuti amayenda m'mayiko kuphunzitsa ena za kutumiziratu katundu.

Achemwali anasamukira kutsidya. Aphunzitsi aakulu anawapezera kanyumba pafupi ndi sukulu, ndipo amasoka mayunifolomu a ana pa makina akale a mayi athu. Komiti ya makolo inamanga kachipinda ka njerwa kuseri kwa makalasi, ndipo mabungwe awiri mwa asanu ndi anayi aja, mwakachetechete, amasiyamo matenti ndi mankhwala a madzi mvula isanayambe. Enawo akuti akadakambirana. Amuna a m'midzi yakumunsi anasema mabwato awiri opalasa ndi manja, ndipo achemwali amawakakamiza kuyeserera mwezi uliwonse, ngakhale m'chilimwe mtsinje uli m'mawondo, anthu akuwaseka.

Ndinapitako mwezi watha kukawasiyira nsalu. Ndinayambanso kudandaula za lipoti lija, mawu akukwera, mpaka ana a sukulu anayamba kusuzumira pawindo. Iwo anangopitiriza kupalasa makina, mapini ali kukamwa. Nditatopa anachotsa mapiniwo n'kunena kuti denga la kachipinda kaja likudontha pakona, ndipo ngati mphamvu zolalata ndili nazo, makwerero ali kuseri kwa khitchini.