Ufa wa Pakhomo ku Brampton

Ndinanyamuka ku Hamilton, mzinda wa kudziko la azungu, Loweruka m'mawa, mwezi wa Novembala, m'zaka za m'ma 1970. Esinati, mwana wa mlongo wanga, namwino mumzindamo, anali atapeza mwamuna: Ramesh, Mmwenye wachipembedzo cha Chihindu. Mayi ake ku Dedza anati mawu ali ndi ine, mwini mbumba. Ndikakana, ukwati palibe.

Ndinakwera sitima yodzera m'mphepete mwa nyanja, tikiti yosafika madola awiri. M'chikwama munali nkhuku yozizira ya m'sitolo, poti kwa eni sapita chimanjamanja. Utsi wa mafakitale azitsulo utatsala m'mbuyo, mzungu wokalamba amene ndinakhala naye anandikodola.

"Chikwama chanu chikulira," anatero.

Nkhuku inali itayamba kudontha.

Ndinatsikira ku Port Credit, n'kukwera basi yolowera kumpoto, kudutsa minda yopanda kanthu ndi nyumba zatsopano zofanana ngati zobadwa kwa mayi mmodzi. Masana ndinafika ku Brampton, kwa makolo a Ramesh.

Nyumba ndinaipeza, koma pakhomo ndinaima. Pansi, pomwe munthu ayenera kuponda, panali zojambulidwa ndi ufa woyera: mizere yopingasana, ngodya zosongoka, pakati kadontho. Kwathu ufa pakhomo timaudziwa. Mumtima ndinati anthuwa anditchera mankhwala kuti ndivomere ndisanakhale n'komwe pansi. Ndine mkulu wa mpingo, komabe mwendo unakana kudumpha.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka mayi ake a Ramesh, aafupi, aimvi.

"Bambo, mukudikira chiyani panja? Mphepo ikulowa."

Chichewa chenicheni. Anali ndi sitolo ku Limbe asanabwere kuno.

"Mankhwalawa ndi a ndani?" ndinafunsa.

"A nyerere," anayankha akuseka. "Ndi ufa wa mpunga. Ku Limbe nyerere zinkaudya. Zakuno zinathawa kuzizira. Timajambula polandira madalitso ndi alendo. Lero mlendo ndinu. Lambalalani, musandifufutire, msana wawawa."

Ndinalambalala.

Nkhuku anailandira ndi manja awiri, n'kuiika panja pazenera, chifukwa m'nyumbamo nyama salowa nayo. Tinadya mpunga, mphodza ndi chapati pamodzi ndi amuna awo ndi Ramesh. Tsabola ananditulutsa misozi.

Titatha kudya mayiyo anandionetsa pakona pomwe amapempherera. Panali kachitsulo kamkuwa kokwana pachikhato, kolembedwa ngati za pakhomo zija koma mothinana. Anati dzina lake ndi yantra. Kadontho ka pakati ndi pomwe zonse zinayambira, ndipo wopemphera amayendetsa maso kuchokera kunja mpaka kukafika pamenepo. Zangodya zitatu zoloza kumwamba ndi mphamvu yachimuna, zoloza pansi yachikazi.

"Werengani," anatero.

Zachimuna zinali zinayi, zachikazi zisanu.

"Ine ndawerenga zaka zonsezi," anatero amuna awo. "Sizisintha."

Ndinawauza kuti ku Dedza n'chimodzimodzi, mwamuna amakamanga kwa mkazi. Bamboyo anayang'ana Ramesh momumvera chisoni.

Apa ndinatulutsa chomwe chinandiyendetsa. "Esinati ndi Mkhristu. Kodi mudzamuletsa kupita kutchalitchi?"

Mayiyo anayendetsa chala m'mphepete mwa kachitsuloko, pomwe panali mpanda wa mbali zinayi, mbali iliyonse ndi chipata chake.

"Zipata zinayi, pakati pamodzi. Esinati alowere chake. Ndikamutsekera, ndiye kuti ndapemphera pachabe moyo wanga wonse."

Ndinapempha tiyi wina.

Potuluka madzulo ndinapeza mphepo itamwaza theka la ufa uja. Mayiyo sanadandaule. Anati mawa adzajambula wina, n'kundibwezera nkhuku ija m'chikwama.

Pasiteshoni ku Hamilton, Esinati ankandidikira, manja m'matumba a chikhoti, osandiyang'ana m'maso.

"Mwayenda bwanji, amalume?"

"Bwino. Ndimaopa ufa wa nyerere. Uza mayi ako ayambe kusoka diresi." Ndinamupatsa chikwama. "Nkhukuyi idyeratu lero. Kumene ukupitako sudzaionanso."