Masiku Atatu Omwe Ndinaba

Amuna anga amayendetsa tindege ting'onoting'ono, ndipo kwathu ku Naperi amangofika ngati alendo. Tsiku lina anasiya patebulo tabuleti yomwe amaonera njira akamauluka. Inkangopempha pulogalamu yatsopano, ine n'kudina kuti isiye kuvuta.

M'mawa mwake inakana kulumikizana ndi kachipangizo kawo ka GPS. Ulendo wawo wa pandege unalephereka.

"Amake Chisomo, munaigwira?"

"Ine? Ndiidziwira kuti?"

Masiku atatu anakhala akutukwana opanga tabuletiyo, ine n'kumathandizira, uku tikuzungulira limodzi mumsika wa Limbe ngati tili pachibwenzi. Mpaka lero sadziwa.

Pano akugwira ntchito kunja. Foni yanga ikapempha pulogalamu yatsopano ndimadina msangamsanga, kenako n'kuyang'ana kugeti.