Mwana wanga amaphunzira za njoka

Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuzemba chilungamo kutchalitchi, ndipo lero ndikulapa pamaso panu.

Amayi anzanga ku Govanhill, dera lomwe timakhala kunja kuno, akafunsa zomwe Tadala, mwana wanga wamkazi, akuphunzira ku yunivesite, ndinkangoti "za sayansi", kenako n'kusintha nkhani. Ndikanati chiyani? Kuti ndinachoka ku Thyolo, n'kumazizidwa kuno zaka zonsezi, kuti mwana aphunzire za njoka? Kwathu njoka sitiifunsa dzina, timayamba tatola mwala.

Lachitatu lapitali Tadala anandiitana kuti ndikamumvere akufotokoza kafukufuku wake. Pafoni pomwepo anawonjezera, m'Chizungu chake cha kuno, kuti ngati ndikuchita naye manyazi ndisavutike kupita, poti akudziwa zomwe ndimayankha anthu. Mawu amenewo anandilasa mtima.

Tsikulo ndinapita, n'kukhala kumbuyo, miyendo nditaikweza pang'ono, ngakhale njokayo inali pachithunzi chabe. Ndi mphiri ya kumapiri a ku Asia, yaifupi, yonenepa, yamawangamawanga ngati masamba ouma. Pakati pa diso ndi mphuno ili ndi kabowo komwe imamvera kutentha kwa mbewa. Ululu ili nawo ndithu. Koma pomwe mphiri zambiri zimabereka ana amoyo, iyi imaikira mazira, n'kudzizinga pamenepo osachoka mpaka ataswa.

Atafika apa, Tadala anandiyang'ana n'kuuza anthu kuti khalidwe limenelo akulidziwa bwino, chifukwa amayi ake amamuimbira foni katatu patsiku. Onse anafa nalo phwete. Ine, mlembi wa gulu la amayi, kufanizidwa ndi mphiri! Ndinaseka mpaka misozi, ndipo kunena zoona ndinanyada kwambiri.

Makolo a kunofe tili ndi matenda. Mwana akapanda kukhala dokotala, loya kapena injiniya, timamubisa ngati mbale yong'aluka kukabwera alendo. Nanga anthu olumidwa m'minda ya tiyi kwathu kuja, mankhwala awo adzachokera kwa yani ngati tonse tikuthawa njoka?

Lamlungu, tikumwa tiyi titaweruka, Mayi Chirwa, mmodzi wa amayi anzanga aja, anafunsanso funso lawo lija, Tadala ali pambali panga atazolika.

"Amaphunzira za njoka zaululu," ndinatero mokweza, "ndipo amazidziwa kuposa aliyense muno."

Mayi Chirwa anatsala pang'ono kutaya kapu. Tadala anandigwira dzanja, n'kundinong'oneza m'Chichewa chomwe sachilankhula kawirikawiri:

"Amayi, nenaninso. A kumbuyoko sanamve."