Bambo a ku Betelehemu ndi geti la asilikali

M'chaka changa chachiwiri ku Sheffield, a ku ofesi anandiwonjezera nyumba ina pa anthu amene ndinkawasamalira m'makomo mwawo. Pepala linangonena kuti ndi bambo achikulire, anachita sitiroko, dzanja lamanzere siligwira bwino, ndipo Chingerezi amamva pang'ono. Ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala ndi tiyi wam'mawa, mwana wawo wamkazi akamapita kuntchito kusitolo ya mankhwala.

Tsiku loyamba mwana wawoyo, mayi wa msinkhu wanga, anandiuza kuti iwo ndi Apalesitina, kwawo ku Betelehemu. Ndinaima ndi thawulo m'manja.

"Betelehemu wake uti? Wa m'Baibulo?"

"Yemweyo," anatero akuseka. "Kuli masitolo, kuli fumbi, madzi amavutanso."

Ine ndinakulira m'kwaya, dzina limenelo ndaliimba Khirisimasi iliyonse, koma sindinkaganizako kuti kumeneko kungachoke munthu wodwala sitiroko n'kudzakhala pamwamba pa chitunda chimene ndinkakwera wefuwefu ndikatsika basi.

Chimene chinayamba kundidabwitsa ndi lamba. Bambowo anali ataonda, thalauzi linkatsika, koma ndikatenga lamba ankagwedeza mutu n'kuloza kachingwe kansalu. Nsapato ankafuna zongolowetsa phazi. Makiyi, magalasi ndi chiphaso cha basi ankasunga m'kajumbo koonekera mkati. Ndinapirira mlungu umodzi, kenako ndinafunsa mwana wawo Loweruka, tsiku limene sankapita kuntchito.

Iye anawamasulira funso langa m'Chiarabu. Madala aja anandiyang'ana, maso akuwala, n'kundikodola kuti ndikhale pa tebulo. Anakankhira buledi pambali, natenga masupuni awiri n'kuwagoneka moyandikana kuti apange kanjira kopapatiza. Kumapeto anaimika foloko. Kenako anathira nyemba zouma m'kanjirako, zothithikana, n'kumadutsitsa imodziimodzi pa foloko paja, akuliza lilime ngati chitsulo chikutsekeka.

"Nyembazo ndi anthu opita ku ntchito," anatero mwana wawo. "Folokoyo ndi geti lachitsulo lozungulira, pamalo amene asilikali amasecha anthu. Bambo ankaika matayilosi m'nyumba za ku Yerusalemu. Tsiku lililonse ankadutsa pamenepo. Lamba wachitsulo amachititsa makina osechera kulira, ndiye umavula, umachedwa, anzako kumbuyo amakukalipira. Anazolowera chingwe."

"Yerusalemuyo ndi kutali bwanji?"

Anaganiza pang'ono n'kutchula dera lina la mu Sheffield momwemo. Ndinayerekeza m'mutu mwanga. Unali mtunda ngati wa Blantyre ndi Limbe basi. Koma bambowo ankadzuka tambala asanalire kuti akapeze malo pamzere, ndipo tsiku lina ankatha kuima mpaka dzuwa kukwera, geti osatsegulidwa, n'kubwerera kunyumba ndi chakudya chawo chamasana.

Ndinafunsa zimene Mmalawi aliyense akanafunsa. Kwathu pa rodibuloko dalaivala wa minibasi amatsika, amapita kuseri ndi wapolisi, amabwera akumwetulira, ulendo n'kupitirira.

"Ndiye osangowapatsa ya fanta bwanji?"

Atawamasulira, madala aja anaseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwasisita pamsana. Atapuma anafotokoza kuti msilikaliyo nthawi zambiri sumugwira n'komwe. Amakhala kuseri kwa galasi lochindikala, amalankhula pa chimkuzamawu, iwe umangoonetsa chiphaso n'kuika chala pa makina. Nyali ikayaka yobiriwira, wadutsa. Ikakana, palibe wokuuza chifukwa.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkabwera ndi funso limodzi. Tinkamvana ndi manja, Chingerezi chothyokathyoka ndi nyemba zija. Kodi mvula ikagwa? Ankanyowa. Kodi kuchimbudzi? Anandionetsa kuti sankamwa madzi asanadutse, tiyi ankamwa kutsidya, kwa munthu wina amene ankagulitsa pa kangolo. Kodi munthu akakomoka pamzere? Anakweza dzanja lawo labwino m'mwamba, kusonyeza mmene ankamunyamulira pamwamba pa mitu mpaka kutsogolo. Ankadziwa amuna ambiri ndi msana wokha, akuti, chifukwa zaka zonsezo ankaona kumbuyo kwa mitu yawo.

Za ana asukulu ndinazimva kwa mwana wawoyo, tsiku lina tikupinda zovala. Iye anaphunzira sekondale kutsidya kwa geti lomwelo.

"Atsikanafe tinali ndi masewera athu," anatero. "Tinkalosera kuti lero atsegula chikwama cha ndani. Woluza ankanyamula mabuku a mnzake. Tebulo la kuchulukitsa ndi mavesi ndinaziloweza pamzere."

"Simunkaopa mfuti?"

"Chaka choyamba. Kenako ndinkaopa kwambiri aphunzitsi a masamu." Anapinda malaya ena, n'kuwasiya pamwendo. "Tsiku la mayeso a sayansi anatseka geti. Tinakhala pansi pa miyala atsikana asanu, mayunifomu oyera, tikumva belu m'mutu mwathu. Mnzanga wina analira mpaka kusanza. Ine ndinangodya masangweji anga onse awiri. Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake sindinalire."

Ndinamuuza za mtsinje wa kwathu umene unkatitsekereza kusukulu nthawi ya dzinja, koma ndili mkati molankhula ndinaona kuti sizikufanana. Mtsinje umaphwa wokha, ndipo suyang'ana nkhope ya munthu. Ndinasiyira panjira, iye anangogwedeza mutu.

Nyengo yofunda itafika, bambowo anayamba kuyenda ndi ndodo. Tsiku lina anandifunsa kuti ine pobwera ndimadutsa mageti angati. Ndinati palibe. Sanakhulupirire bwino, ndiye mwana wawo atavomera ndinawatenga pa thiramu, sitima yamagetsi ya m'tauni. Anakhala pawindo, kajumbo kali pamwendo. Kondakitala atafika, iwo anali atakweza kale chiphaso m'mwamba, nkhope ataiumitsa ngati pa chithunzi. Kondakitalayo, mayi wonenepa wansangala, anangoti, "Zikomo, wokondedwa," osayang'anitsitsa n'komwe, n'kupitirira.

Madala anatembenukira kwa ine. "Basi?"

"Basi, bambo."

Tinafika kumapeto kwa njanji, iwo anakana kutsika. Tinabwerera, tinapitanso. Ndinachedwa kunyumba yotsatira ndipo ndinakalipiridwa, koma sindinadandaule.

Miyezi ingapo pambuyo pake a ku ofesi anandisinthira dera. Mwana wawo ndinakumana naye mwangozi mu sitolo ya zakudya, akusankha mandimu. Anandiuza kuti bambo ake anabwerera ku Betelehemu, kwa mchimwene wake. Ndinadabwa kwambiri.

"Kubwereranso ku mageti konkuja?"

"Sadutsanso, akalamba," anatero. "Koma anzawo apamzere amakumana m'mawa uliwonse pa kakhonde kena, kumwa khofi ndi kukangana. Kuno akuti kunali zii, anthu samakankhana."

Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi. Amuna asanu ndi mmodzi okalamba atakhala pa mipando yapulasitiki, ndipo pakati pawo bambo aja, atanenepako, akuloza chala kwa wojambula ngati akumuuza kuti wagwira foni molakwika. Ndinamupempha kuti akawapatse moni wochokera kwa namwino wa mafunso uja. Iye anati andiimbira akadzawayankhula Lamlungu, chifukwa nawonso anasiya funso: ankafuna kudziwa ngati ku Malawi kuli mitengo ya maolivi, imene kwawo amapangira mafuta odyera buledi, ndipo ngati kulibe, timadyera chiyani buledi.